Mutu 6: Zelipa Azula Pulagi

1. Ntchito ya Fomu 4 isowa

Zelipa Namakhwa sanali mwana wokhazikika. Aphunzitsi akamalemba pa bolodi, mwendo wake unkangogwedera pansi pa desiki mpaka mnzake wokhala naye kudandaula. Malo amodzi okha ndiwo ankamukhazika phee: kachipinda ka makompyuta, kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi.

Makompyutawo anali nkhalamba zenizeni. Ofesi ya esiteti ya tiyi imene inazungulira sukuluyo itatopa nawo, inawapereka ngati mphatso. Kumayambiriro kwa chaka cha 2008, Madamu Linda, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Rumphi, anawatsitsimutsa n'kuikamo pulogalamu yaulere yotchedwa Chalkpot. Ana asukulu analibe nthawi yopinda lilime, ankangoti Chokopoti. M'menemo ndimo ankalemba zimangirizo ndi mayankho awo, Madamu n'kumachongera momwemo.

Kiyi wa chipindacho ankasunga Zelipa, ngakhale anali Fomu 3 chabe. Ankafika m'mawa anzake asanafike, kupukuta fumbi, kuyatsa makina ndi kukonza mawotchi ake. Kabatire kosunga nthawi kanafa kalekale m'makinawo, choncho akangozimitsidwa ankaiwala tsiku, n'kumati lero ndi pa 1 Januwale 1980.

Mvula itakhazikika, ntchito ya ophunzira inayamba kusowa. Chimangirizo cha mwana wa Fomu 2 chitasowa, anthu anangoti mwina sanasunge bwino. Koma tsiku lina kunasowa ntchito ya Fomu 4, kuphatikizapo ya Raphael, mkulu wa mapulefekiti, amene anali atailimbikira kwambiri.

Woyamba kuona anali Zelipa, ndipo anathamanga yekha kukanena kwa a Blackson, mphunzitsi wamkulu.

"Wagwira makinawo komaliza ndani?" anafunsa a Blackson.

"Ndine, Sala. Ndimangokonza wotchi."

"Ulendo wapitawo zitasowa, anagwira komaliza ndani?"

"Ndinenso, Sala."

A Blackson anatambasula dzanja, Zelipa n'kuikamo kiyi. "Mwana iwe umangobaya paliponse ngati nkhuku yotola chimanga. Kuyambira lero usagwirenso makina amenewa. Teremu ino ikatha zinthu zikusowabe, chipindacho nditseka, makina abwerere ku esiteti. Ndipo pa asembule ndidzanena amene watitsekera."

Zelipa anatuluka nkhope ikutentha. Chinamupweteka si kiyi ayi, koma kuti anali atanena yekha.

2. Pulogalamu yopanda bwana

Madamu Linda anamupeza atatsamira mtengo wa mapeyala, akukumba dothi ndi chala chakuphazi.

"Ine sindikukhulupirira kuti ndiwe," anatero Madamu. "Koma sindingathenso kuuza ahedi kuti ndi chiyani, chifukwa nanenso sindikudziwa. Tiyenera kufunsa amene amapanga pulogalamuyi."

"Madamu, kampani yakunja ingayankhe mwana wa kumalayini a antchito a pa esiteti?"

"Si kampani. Chokopoti ndi open source. Ilibe bwana. Malamulo onse amene amaiyendetsa ali poyera, aliyense akhoza kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira ena. Amaipanga ndi anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana, wina mphunzitsi, wina wophunzira, akaweruka ku ntchito zawo. Ili ngati mlatho wa mitengo umene mumawolokera pobwera kusukulu. Ukaona mtengo wawola, sudikira mwini wake."

"Koma ine sindidziwa kupanga pulogalamu."

"Ndani anayamba ndi kupanga? Ambiri amayamba ndi kunena vuto limene aona. Ena amayesa zimene anzawo akonza, ena amalemba malangizo. Loweruka ndikupita ku Boma, tikalowe pa intaneti. Koma ukayambe wawerenga tsamba lawo la obwera kumene. Ndanena, eti? Uyambe wawerenga."

Zelipa anavomera ndi mutu, koma maganizo ake anali atafika kale ku Boma.

3. Chenjezo la a Jonas

Bambo ake, a Jonas, anali kapitawo wa othyola tiyi. Madzulo amenewo anali pakhonde akuchotsa matope ku magambutsi awo pamene Zelipa anapempha chilolezo cha ulendo wa Loweruka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaika gambutsi pansi.

"Khala pansi, mwendowo uleke kugwedeza," anatero. "Ine ndinalowa pa esiteti pano ndili mnyamata wopalira, lero ndine kapitawo. Ukudziwa chimene chandisunga? Pakamwa. Iwe uli wamng'ono kunali Goodson, wopopera mankhwala. Mpope wake unkadontha. Anzake onse mipope yawo inkadonthanso, ankangomanga ndi mphira n'kukhala chete. Iye anapita ku ofesi kukanena, akuti akuthandiza kampani. Anamufunsa funso limodzi lokha: wagwira komaliza ndani? Sizoni itatha, anzake onse anawaitananso, iye ayi. Lero akugulitsa nthochi ku Thekerani. Kuno, mwana wanga, wanena ndiye wawononga. Wazionera wekha lero kwa ahedi ako, koma sukumva."

"Ababa, awa si a ku ofesi."

"Aliyense amene ali ndi chinthu chake ndi wa ku ofesi. Ukamuuza kuti chinthu chako n'chopunduka, sakuthokoza. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Tsono iwe ukufuna kukasiya mlomo, n'kusiyanso dzina, kwa anthu amene sunawaone nkhope. Ndipo ndifunse: ntchito imeneyi akulipira?"

"Ayi. Onse amagwira mongodzipereka."

A Jonas anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kung'ung'udza mawu ena m'Chilomwe. "Agogo ako atawoloka kuchokera kwa Apwitikizi, anawapatsa malo omanga kanyumba, n'kuwauza kuti azilima m'munda mwa mzungu popanda malipiro. Imeneyo inali ntchito ya thangata. Msana wa agogo ako unapindika nayo mpaka kumanda. Ine sindikukuphunzitsa kuti ukagwire ya thangata pa kompyuta. Pita ku Boma, chifukwa Madamu akupempha ndipo sindingawanyoze. Koma dzina la Namakhwa usakalilembe paliponse. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

4. Uthenga waulemu

Loweruka minibasi inawatsitsa pa Boma kukuwaza. Madamu Linda anamukhazika Zelipa pa kompyuta m'kafe ya intaneti pafupi ndi msika, anamutsegulira tsamba la Chokopoti, iwo n'kuthamangira ku maofesi kumene anali ndi zawo.

Tsamba la obwera kumene linali lalitali, ndipo intaneti inkayenda ngati yadwala. Zelipa anawerenga mizere iwiri, mwendo n'kuyamba ntchito yake. Analumpha zonsezo n'kupita pamalo olembapo mavuto. Safunsa anadya phula, koma amene amafulumira sakumbukira miyambi.

Analemba m'Chingerezi chake chabwino kwambiri, monga mwana woleredwa bwino amalankhulira ndi akuluakulu:

"Okondedwa mabwana, ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Kuno tili bwino, mvula ikugwa. Ndikuthokozani chifukwa cha pulogalamu yanu yabwino kwambiri, imene ikutithandiza zedi. Pepani kuti ndikukutayitsani nthawi. Nthawi zina pamakhala kavuto pang'ono, koma mwina ndi ife amene sitidziwa kugwiritsa ntchito. Mukapeza mpata mutiganizire. Ine wanu, mwana wasukulu wina."

Anawerenganso, n'kukhutira kuti sananyoze munthu. Sananamizire aliyense mlandu, sanatchule dzina. Chimene sanaone n'chakuti sanatchulenso vuto.

Yankho anabwera nalo Madamu mkati mwa sabata, litasindikizidwa pa pepala. Linali lalifupi ngati mchira wa mbuzi:

"Vuto lake ndi lotani? Pulogalamu yanu ndi nambala yanji? Munachita chiyani, ndipo chinachitika n'chiyani? Mungathe kulichititsa kuti lichitikenso? Popanda zimenezi sitingathandize. Ester."

Zelipa anatembenuza pepalalo kuti mwina moni ali kuseri. Kunalibe.

"Ngakhale 'muli bwanji', Madamu? Ine ndinafunsa mpaka mabanja awo!"

"Unawerenga tsamba lija?"

Zelipa anayang'ana pansi.

"Zimene walembazo zili poyera, aliyense wa gululo akhoza kuwerenga," anatero Madamu. "Ester ameneyu ndi mmodzi mwa osamalira pulogalamuyi, amakhala ku Brazil. Mauthenga otere amalandira ambiri."

Kumva kuti dziko lonse likhoza kuona uthenga wake ndi yankho louma lija, Zelipa anachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Anapinda pepalalo n'kunena kuti basi, za Chokopoti wazisiya.

5. Dengu lobwezedwa

Tsiku lomwelo ataweruka anadzera kumunda kukapereka pulasitiki yofunda kwa mayi ake, a Lestina, pakuti mitambo inali itada. Anawapeza ali m'kati mwa mizere ya tiyi, dengu kumsana, manja onse awiri akuvina pamwamba pa masamba.

"Nkhope imeneyo yatani?" anafunsa osaleka kuthyola.

Zelipa anafotokoza zonse, n'kumaliza ndi mawu akuti, "Ababa ananena zoona. Anthu ake ndi amwano."

A Lestina anathyola nsonga imodzi n'kumuonetsa. "Ukuona? Masamba awiri ndi kansonga. Basi. Fakitale imafuna chimenechi. Tsiku langa loyamba m'munda muno ndinafuna kuonetsa kuti ndine wolimbikira. Ndinadzaza dengu mpaka kusefukira, masamba okhwima, timitengo, chilichonse. Nditafika pa sikelo ndinagwada, kupereka moni bwinobwino. Mayi woyang'ana masamba, a Ellen, sanayankhe n'komwe. Anangopisa dzanja, n'kukhuthula dengu lonse pa chiguduli, akuti sankha. Pamaso pa anthu! Ndinalira ine. Ndinati mayi uyu ndi mfiti. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu mpaka kumsewu, mvula ikubwera. Akanati azipereka moni kwa aliyense, tikanagona pomwepo. Ndiye tamvera, Zelipa. A Ellen anandibwezera dengu, sanandithamangitse m'munda. Wokuthamangitsa sakuuza tsamba limene akufuna. Mayi wakoyo wakufunsa mafunso angati?"

"Anayi."

"Ndiye wakuuza tsamba limene akufuna. Iwe ukulira moni. Moni udzadya?"

"Nanga za thangata zimene ananena ababa?"

A Lestina anaponya masamba m'dengu. "Bambo ako ali ndi chifukwa choopera, usawaseke. Anaona zambiri. Koma thangata inkabwera ndi chikoti, ndipo tiyi wake ankapita kwa mwini. Iweyo wakukakamiza ndani? Chinthucho chikakonzeka, chipita kwa yani? Si kusukulu kwanu komweko? Tenga pulasitikiyo undifunditse, mvula yafika."

6. Pawindo

Kugwira makina anamuletsa, koma kuyang'ana sanamuletse. Kuyambira tsiku lotsatira, nthawi ya makompyuta ikakwana, Zelipa ankaima panja pawindo, chibwano pa njerwa. Anzake ankamuseka kuti wasanduka mlonda. Raphael ankauza aliyense kuti mtsikanayo anasiyamo vairasi, n'chifukwa chake zinthu zinkasowabe ngakhale iye atachotsedwa.

Masana ena kunagunda bingu, magetsi n'kuthima. Ophunzira anakuwa monga mwa nthawi zonse. Patapita kanthawi magetsi anabwera, ndipo aliyense analimbirana mpando, kuyatsa makina n'kupitiriza kulemba mwaliwiro magetsi asanathawenso. Madamu anali kalikiliki kuletsa phokoso.

Zelipa anasuzumira pa kompyuta yoyandikira windo. Pakona pa sikirini panalembedwa kuti 1 Januwale 1980. Palibe amene anakonza wotchi. Ndani akanaganiza za wotchi pa mpikisano wotero?

M'mawa mwake anafika msanga n'kuima pawindo pomwepo. Madamu anayatsa makina, anakonza mawotchi monga Zelipa ankachitira, n'kutsegula Chokopoti. Ntchito yonse yolembedwa dzulo magetsi atabwerera inali itasowa. Yolembedwa asanathime inalipo.

"Madamu!" anakuwa Zelipa mpaka Madamu kudzidzimuka. "Ndachiona! Koma kuti ndikhulupirire, ndiyenera kuchichititsa dala."

7. Lamulo la pakhoma

Pakhoma la chipindacho panali lamulo lolembedwa ndi a Blackson eni ake, m'zilembo zikuluzikulu: OSAZULA PULAGI. Wozula ankakumba dzenje la zinyalala.

A Blackson anavomera kubwera nthawi yopuma kudzaona zimene Zelipa anatulukira, makamaka chifukwa Madamu anawachonderera. Raphael ndi anzake anadzaza pakhomo kudzaona mapeto a mlonda.

"Ndakupatsa mpata," anatero a Blackson. "Koma ukawononga china, sitidikiranso kutha kwa teremu."

Madamu anali atakopera kale ntchito yonse ya pa kompyuta imodzi mu fulashi yawo yosungira mafayilo, kuti pasatayike kanthu. Kompyutayo inali yoyaka, wotchi yake ili bwino. Zelipa anagwada pafupi ndi soketi. Anachita mantha enieni, chifukwa akanakhala kuti walakwitsa, ndiye kuti akanaswa lamulo pamaso pa mwini lamulo popanda phindu. Anayang'ana zilembo za pakhoma, anayang'ana ahedi, n'kuzula pulagi.

"Aaa!" anatero a pakhomo onse pamodzi.

"Awa ndi magetsi athima, Sala," anatero Zelipa. Anabwezera pulagi n'kuyatsa. "Awa abwera. Taonani tsiku."

A Blackson anavala magalasi. "1980. Chaka chimene ndinayamba uphunzitsi."

"Tsopano mulembe chilichonse inuyo, Sala. Ine sindigwira."

A Blackson anakhala pansi, n'kulemba ndi zala ziwiri, akusakasaka chilembo chilichonse: Mwana wosamvera sapita patali. Anasunga, anatseka, anatsegulanso. Mawuwo analipo.

"Alipo awa," anatero.

"Tsopano mukonze wotchi, Sala, ikhale ya lero. Kenako mutsegulenso."

Madamu anawalozera pokonzera. A Blackson anakonza tsiku, n'kutsegula Chokopoti. Munali mbee. Anatseka, anatsegulanso, anasuzumira ngakhale kuseri kwa sikirini. Mwana wosamvera uja anali atapitadi patali.

A Blackson anavula magalasi n'kuwapukuta pa tayi.

"Ndiye kuti wagwira komaliza ndine," anatero pang'onopang'ono. Wina pakhomo anaphulika kuseka, Raphael n'kumugunda ndi chigongono. "Chabwino, Namakhwa. Matenda wawapeza, ndipo dzenje sukumba. Koma kupeza matenda si kuchiza. Magetsi sindingawalamule, ndipo sindingaike mlonda pa wotchi iliyonse. Mawu anga aja otseka chipinda akadalipo. Kiyi akhala m'thumba mwanga."

8. Masamba awiri ndi kansonga

Ulendo wachiwiri wa ku Boma, Zelipa anawerenga tsamba la obwera kumene kuyambira pamwamba mpaka pansi, atapanikiza bondo ndi dzanja kuti lisamusokoneze. Tsambalo linati uyambe wafufuza ngati wina ananena kale vuto lomwelo. Anafufuza, sanapeze. Linati unene vuto limodzi lokha pa uthenga umodzi. Linati utchule nambala ya pulogalamu, ufotokoze zimene unachita motsatana, zimene unkayembekezera, ndi zimene zinachitika. Linatinso usapepese chifukwa chonena vuto, pakuti kunena vuto ndi mphatso kwa gululo. Mzere umenewu anauwerenga kawiri.

Analemba mwachidule. Makina athu ndi akale ndipo amaiwala tsiku magetsi akathima. Zimitsani kompyuta, wotchi ibwerere ku 1980. Lembani ntchito, sungani. Konzani wotchi. Tsegulani pulogalamu. Ntchito ija yasowa. Tayesa dala pa kompyuta imodzi pamaso pa aphunzitsi ndipo zachitikadi.

Pamwamba penipeni anaikapo mawu amodzi a Chichewa, "Moni". Amenewo analephera kuwasiya.

Kenako anafika polemba dzina, zala n'kuima.

"Ukhoza kulemba dzina lililonse," anatero Madamu, amene ulendo uno anakhala pambali pake. "Ena amatero, ndipo si mlandu. Sindikukakamiza kusamvera bambo ako."

"Ulendo uja ndinabisala, Madamu, ndipo ndinalemba ngati wakuba. Zimene ndalemba lerozi ndinaziona ndi maso anga. Akafuna kufunsa zambiri, afunse munthu."

Analemba kuti Zelipa Namakhwa, Thyolo, Malawi. Anatumiza msangamsanga mtima usanasinthe. Atafika kunyumba anawauza bambo ake zimene anachita, asanavule n'komwe nsapato. A Jonas anangotuluka kupita kukaona nkhuku zimene zinali zitalowa kale m'khola.

9. Chigamba

Yankho la Ester linayamba ndi mawu amene Zelipa sanawayembekezere.

"Moni, Zelipa. Ndatsatira zimene mwalemba, ndipo nanenso ntchito yandisowera. Vuto ndi lathu. Pulogalamuyi imasesa ntchito yakale kwambiri poganiza kuti ndi ya ophunzira amene anachoka pasukulu. Ntchito yanu ikasungidwa ndi chaka cha 1980, imaoneka ngati yakalekale. Ife sitinaziganizire chifukwa makina athu saiwala tsiku. Ndatumiza chigamba chokonzera vutoli: tsopano izifunsa kaye isanafufute chilichonse. Chonde chiyeseni pa makina anu enieniwo, mutiuze. Zikomo chifukwa cha lipoti labwino."

Madamu anabwera nacho chigambacho mu fulashi, kafayilo kakang'ono kosintha mizere yochepa ya pulogalamu. Anakaika pamodzi ndi Zelipa, a Blackson ataloleza. Ulendo uno anazula pulagi ndi a Blackson eni ake, akuti lamulo ndi lawo. Analembanso za mwana wosamvera, anakonza wotchi, anatsegula. Mawu onse analipo.

Pa asembule yotsatira, a Blackson anaitana Zelipa kutsogolo. "Ndinalonjeza kuti ndidzanena amene watitsekera chipinda," anatero. "Palibe. Ndinena amene watitsegulira." Anatulutsa kiyi m'thumba n'kumupatsa. Raphael anaomba m'manja mochedwa, koma anaomba.

Asembuleyo isanafike, Zelipa anali atauza kale Ester kuti chigamba chagwira. Ester anayankha kuti chilowa mu pulogalamu yotsatira, imene idzafike ku sukulu zonse zoigwiritsa ntchito, ndipo dzina la Zelipa lidzakhala pakati pa amene anathandiza. Anamupemphanso kantchito kena kakang'ono: kulemba ndime ya malangizo kwa sukulu za kumalo kumene magetsi amathimathima.

Madzulo a tsiku la asembuleyo Zelipa anathamanga njira yonse ya m'minda, kiyi akulira m'thumba, kuti akauze makolo ake. Anapeza bambo ake atafika kale, zimene sizinkachitika m'sizoni yothyola. Anali pakhonde, magambutsi akadali kumapazi, chipewa chili m'manja. A Lestina anali ataima pakhomo.

"Ahedi ako ali ndi pakamwa ngati iwe," anatero a Jonas. "Akumana ndi a manejala pa msonkhano wa komiti ya sukulu, n'kuwafotokozera zonse. Akuti makina amene munatipatsa aja amaiwala tsiku, ndipo wazitulukira ndi mwana wa kapitawo wanu Namakhwa."

"Ndiye atani, ababa?"

"Kalaliki wandipeza kumunda, pamaso pa anthu anga. Akuti mawa m'mawa ndikaonekere ku ofesi, ndipite ndi mwana wanga wamakompyutayo."

Zelipa anafunsa kuti, "Akuti talakwa chiyani?"

"Ofesi sinena. Goodson sanamuuze."

"Pepani, ababa. Ndipita ndekha. Ndikawauza kuti inu munandiletsa."

"Ukawauza zimenezo kuti ndioneke ngati ndani?" A Jonas anakwinya chipewa chija. "Chinthucho chinakonzeka?"

"Chinakonzeka."

"Zimene unalembazo zinali zoona?"

"Zoona zokhazokha."

"Ndiye kachape yunifolomu. Dzina unalembalo si lako wekha. Tikaliyankhira awiri."

Analankhula molimba ngati kapitawo ali pakati pa anthu ake. Koma Zelipa atayang'ana pansi, anaona mwendo wa bambo ake ukugwedera, gambutsi likugogoda simenti. Anakhala pambali pawo n'kuika dzanja pa bondo lawo, ndipo a Jonas sanalichotse. Kutsidya kwa minda, pamwamba pa chitunda, denga la ofesi ya esiteti linkaoneka bwinobwino.